Ku famase anandikaniza, pa shopu ya pakona anandigulitsa: ndikhulupirire ndani?

"Zikomo adokotala. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni, chino ndi chaka chachinayi. Bambo akunyumba ali ndi BP ndi shuga, ndipo amadzibaya insulin. Mwezi watha ku famase komwe timagula anatipatsa mapilisi a BP osiyana ndi akale, bokosi lina, dzina lina, koma akuti ndi omwewo. Sabata yomweyo mwana wanga wa zaka zinayi anayamba kutsokomola. Nditapempha amoxicillin anandikaniza, akuti ndibwere ndi kalata ya dokotala. Nditafuna mankhwala akumwa a chifuwa a ine mwini, anandifunsa pasipoti. Ndinachita manyazi, ndinaona ngati akundisala poti ndine mlendo. Pa shopu ina pafupi ndi kwathu anandigulitsa makapisozi khumi popanda funso lililonse. Kodi famase yabwino imadziwika bwanji? Nanga insulin ija siwonongeka magetsi akazima?" Mayi NaPhiri

Mayi, pepani ndi matendawo, ndipo zikomo kuti mwafunsa musanathe makapisoziwo. Ine si dokotala ayi. Ntchito yanga ndi ya kuseri kwa kauntala kuja, ndine famasisiti, ndipo ndakhala ndikupereka mankhwala kuno ku Joni zaka zambiri ndithu. Choncho nkhani yanuyi ndi ya pakhomo panga. Mtima ukhale pansi: pa zonse mwafotokozazi, famase ija yachita zomwe lamulo limaiuza kuchita. Amene akundidetsa nkhawa ndi wa pakona uja, amene anakusekererani n'kukupatsani zomwe mumafuna.

Ndiyambe ndi pasipoti, chifukwa ndi pomwe panakupwetekani. Sindikana kuti alendo timasalidwa m'dziko muno. Ndaziona, ndipo ena mwa inu mwabwezedwapo pa geti la chipatala ndi anthu omwe si anamwino n'komwe. Koma funso la pasipoti lija lili ndi chifukwa chake. Kuno mankhwala onse anawaika m'magulu, ndipo gulu lake limalembedwa pa bokosi, m'kabokosi kakang'ono: S0, S1, S2 mpaka S6. A S0, monga kapaketi kakang'ono ka Panado, mutha kugula ngakhale ku spaza (kagolosale ka m'makomo) kapena pa filing'i siteshoni. A S1 ndi S2 amakhala kuseri kwa kauntala ya famase, ndipo tikagulitsa a S2 timayenera kulemba dzina ndi keyala ya wogula. Mankhwala akumwa a chifuwa okhala ndi codeine ali m'gulu limeneli. Codeine ndi m'bale wake wa morphine, amazolowereka m'thupi, ndipo achinyamata ambiri m'tauni muno amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi kuti aledzere. Ndiye mafamase ambiri amafuna nambala ya chiphaso kuti munthu mmodzi asagule mabotolo atatu pa sabata. Mzulu wobadwira ku Soweto timamufunsa ID, inu tikufunsani pasipoti. Sitiwerenga masitampa, ndipo ngati pemiti inatha kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ya ku Home Affairs, si yathu. Zomwe talembazo ndi chinsinsi cha wodwala. Ngati anakufunsani mokuwa pamaso pa mzere wonse, pamenepo analakwa, chifukwa famase iliyonse imayenera kukhala ndi malo apambali olankhulirana osamvedwa ndi ena, ndipo muli ndi ufulu wonena kuti, "Tiyeni tikalankhulire apo."

Kuyambira S3 kupita m'mwamba pamafunika kalata ya dokotala, kapena ya namwino wololedwa kulemba mankhwala. Mapilisi ambiri a BP ndi a shuga ndi S3. Amoxicillin ndi S4. Famasisiti wogulitsa amoxicillin popanda kalata akuika laisensi yake pachiswe, ndipo wa pa shopu uja, amene alibe laisensi yoti n'kutaya, wangophwanya lamulo basi.

Ndikudziwa chomwe chili m'mutu mwanu, chifukwa nanenso ndinakulira komweko. Kwathu kapisozi wofiira ndi wachikasu uja ndi mankhwala a chilichonse: chifuwa, chilonda, m'mimba, ena mpaka amatsegula n'kuwaza ufa wake pa bala. Timagula awiri, tikapezako bwino tasiya. Koma zifuwa zambiri za ana, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July, zimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin savulaza vairasi ngakhale pang'ono. Chomwe amachita ndi kupha tizilombo tofooka ta m'thupi n'kusiya tolimba, ndiye tsiku lomwe mwanayo adzadwale chibayo chenicheni, mankhwala aja adzangodutsa ngati madzi. Ndaonapo anthu akugonekedwa m'chipatala, kulandira mankhwala odzera m'mitsempha, chifukwa cha matenda a m'chikhodzodzo omwe kale ankatha ndi mapilisi a masiku atatu. Komanso mlingo wa mwana timawerengera ndi kulemera kwake pa sikelo. Mwana wa zaka zinayi nthawi zambiri timam'patsa amadzi, oyezedwa ndi kasupuni kapena kasirinji. Wa pa shopu uja anakufunsani kuti mwana akulemera bwanji? Anakufunsani ngati anatupapo kapena kutuluka zidzolo atamwa penicillin? Alipo anthu amene kapisozi mmodzi yekha amawatseka kukhosi.

Koma vuto lalikulu la makapisozi khumiwo n'lakuti palibe amene akudziwa komwe achokera. Apa ndipo pagona nkhani yonse ya famase yabwino, ndiye mundilole ndichedwepo.

Bokosi lililonse lovomerezeka lili ndi mbiri yotsatika. Lisanafike pa shelefu, mankhwalawo analembetsedwa ku SAHPRA, bungwe la boma loona za mankhwala lomwe linalowa m'malo mwa Medicines Control Council mu 2018. Kwathu ntchito yomweyi amagwira a PMRA. Nambala yolembetsera imasindikizidwa pa bokosi. Palinso nambala ya batch, yosonyeza mphika womwe mankhwalawo anaphikidwira ku fakitale, ndi mwezi womwe adzathere mphamvu. Ife timagula kwa ogulitsa pikupiku okhala ndi laisensi okhaokha, ndipo malisiti timasunga. Zikuoneka ngati za m'mapepala chabe mpaka tsiku lomwe chinthu chalakwika. Mu 2022 ku Gambia kunamwalira ana pafupifupi 70 impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo bungwe la WHO linachenjeza za mankhwala akumwa a chifuwa omwe munapezeka diethylene glycol, poizoni wogwiritsidwa ntchito m'mafakitale. Mu April 2024, a ku Nigeria atanena kuti apeza poizoni yemweyo m'mankhwala ena a chifuwa a ana opangidwa kuno, SAHPRA inalamula kuti ma batch awiri achotsedwe pamsika pofuna kusamala. Uthenga wotere ukafika, timapita pa shelefu tsiku lomwelo, kuwerenga manambala, kutsitsa mabotolo, ndipo amene anagula amatha kubweza. Nanga makapisozi omangidwa m'kapulasitiki, opanda bokosi, opanda nambala, ndani angawaitanitse? Mwini shopu nayenso sadziwa. Anagula kwa munthu wachikwama.

WHO inanena mu 2017 kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, pa mankhwala khumi aliwonse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika muyezo. Achinyengowo sabwera ndi nyanga. Mtundu wa kapisozi ndi womwewo, koma m'kati muli ufa wopanda ntchito, kapena mankhwala ochepera theka. Ena ndi enieni koma obedwa ku zipatala za boma, ena anatha mphamvu n'kuwachotsa m'mabokosi kuti tsiku lisaoneke, ena aphikidwa ndi dzuwa pa tebulo la m'mbali mwa msewu. Kutchipa kwake kukhale chenjezo. Kuyambira 2004 mtengo womwe kampani imagulitsira mankhwala olembetsedwa ndi umodzi kwa mafamase onse, akulu ndi ang'ono, ndipo ndalama yomwe ife timaonjezerapo ili ndi malire ake oikidwa ndi boma. Mafamase amasiyana mitengo, inde, koma pang'ono. Wina akamagulitsa motsika kwambiri kuposa onse, dzifunseni kuti iyeyo wawatenga kuti.

Tsopano za mapilisi a bambo. Apa palibe choopsa. Mankhwala amodzi amakhala ndi mayina awiri: la kampani, lolembedwa ndi zilembo zazikulu, ndi la mankhwala enieniwo, lomwe limakhala pansi pake m'zilembo zazing'ono. Tengani bokosi lakale ndi latsopano muziike pamodzi. Ngati onse alembedwa, mwachitsanzo, amlodipine 5 mg, ndiye ndi chimanga chomwecho, thumba lokha ndilo lasintha. Makampani ambiri amapanga amlodipine, ndipo aliyense amayenera kusonyeza kwa SAHPRA kuti ake amalowa m'magazi mofanana ndi oyambirira aja. Lamulo la mankhwala, Act 101 ya 1965, limatiuza kuti tizikudziwitsani za otchipirapo oterewa ndi kukupatsani, pokhapokha inu mutakana kapena dokotala atalemba ndi dzanja lake kuti tisasinthe. Pali mankhwala ochepa amene sindikonda kusinthasintha, monga a khunyu, warfarin (woletsa magazi kuundana) ndi a chithokomiro, koma a BP ambiri savuta.

Choopsa chili pena. Ndakumanapo kangapo ndi munthu amene wamwa a m'bokosi lakale ndi a m'bokosi latsopano onse pamodzi, poganiza kuti dokotala wamuonjezera mankhwala. Wabwera akudandaula chizungulire, miyendo yotupa, BP yatsikiratu. Ndiye funsani bambo lero lomwe kuti akumwa kuchokera m'mabokosi angati. Ngati mayina ang'onoang'ono aja kapena mamiligalamu akusiyana, asamwe mpaka mutabwerera ku famase ndi mabokosi onse awiri. Ndipo poti ali ndi BP ndi shuga, asamangotola mankhwala a chimfine pa shelefu. Ambiri muli pseudoephedrine yemwe amakweza BP. Brufen ndi diclofenac, omwe abale athu ogwira ntchito ya zomangamanga amameza ngati mtedza msana ukawawa, amakweza BP n'kuwononga impso, ndipo impso za munthu wa shuga zimakhala kale pa nkhondo. Mu Grand-Pa, mankhwala a mutu aja, muli aspirin, paracetamol ndi caffeine, choncho womwa Grand-Pa ndi Panado limodzi wamwa paracetamol kawiri. Munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 a paracetamol pa tsiku, kutanthauza mapilisi asanu ndi atatu a 500 mg. Mafunso otopetsa aja, akuti mukumwa chiyani china, muli ndi pakati kodi, wodwala ndani, cholinga chake ndi kugwira zinthu ngati zimenezi. Omwe ali pa ma ARV a masiku ano okhala ndi dolutegravir asamabise ku famase, chifukwa mankhwala a chilungulira, a calcium ndi oonjezera magazi amalepheretsa dolutegravir kulowa bwino m'thupi akamwedwa nthawi imodzi, ndipo mlingo wa metformin, mapilisi a shuga, nawo umafunika kuuyang'ananso.

Nanga famase yeniyeni mungaizindikire bwanji? Mtanda wobiriwira pa chitseko ndi penti chabe, aliyense atha kujambula. Mukalowa yang'anani pa khoma. Payenera kukhala laisensi yochokera ku Unduna wa Zaumoyo, satifiketi ya South African Pharmacy Council yokhala ndi nambala yoyamba ndi Y, komanso dzina la famasisiti amene ali ndi udindo pa famaseyo. Khonsoloyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la Pharmacy Act la 1974, likulu lake lili ku Pretoria, ndipo pa webusaiti yake mutha kufufuza dzina la famase kapena la munthu pa foni yanu. Okuthandizani avale baji ya dzina ndi udindo. Si onse ovala zoyera amene ali mafamasisiti. Famasisiti anaphunzira zaka zinayi ku yunivesite, monga pa Wits pompano, kenaka chaka chimodzi akugwira moyang'aniridwa, ndi china akutumikira m'chipatala cha boma. Othandizira ake nawonso amalembetsedwa ku khonsolo ndipo ambiri amadziwa ntchito kwabasi, koma m'famase ya m'tauni amagwira pamaso pa famasisiti. Mukafunsa kuti, "Famasisiti ali kuti?" n'kukuuzani tsiku ndi tsiku kuti watuluka, koma mankhwala a kalata akuperekedwabe, sakani famase ina. A khonsolo amayendera mafamase n'kuwapatsa magiredi, ndipo ya giredi yotsika amaiyendera pafupipafupi, koma iwo sangakhale paliponse. Maso anu ndiwo ali pafupi.

Mvaninso mpweya wa m'katimo. Mankhwala ambiri amafuna kusungidwa pa madigiri 25 kapena kutsikirapo, ndiye famase yotentha ngati khitchini mu December, mabokosi ofwifwa ndi dzuwa pawindo, fumbi pa shelefu, zimenezo zikuuzani mmene kuseri kulili.

Kenako sitika. Anthu ambiri saiwerenga, koma ndiyo siginecha yathu. Pa mankhwala a kalata payenera kulembedwa dzina la wodwala, dzina ndi mphamvu ya mankhwala, kamwedwe kake, tsiku lomwe aperekedwa, nambala ya kalatayo, ndi dzina ndi keyala ya famase. Werengani musanachoke pa kauntala. Sindikunena izi mokuphunzitsani chabe, ndikunena monga munthu amene anatsala pang'ono kuvulaza wina. Chaka china, pa famase ina yomwe ndinkagwira, kumapeto kwa mwezi mzere utafika panja, ndinaitana dzina, bambo wina n'kuimirira, ine n'kum'patsa phukusi. Anali awiri a dzina limodzi ndi mfunda umodzi pa mzere womwewo, onse a kwathu. Wina anabwera kudzatenga a shuga, wina a khunyu. Anandipulumutsa ndi mkazi wake, amene anatsegula phukusilo ali pakhomo n'kubwerera kudzati, "Achimwene, awa si aja timamwa." Usiku umenewo sindinagone. Kuyambira pamenepo ndimafunsa tsiku lobadwa kwa aliyense, ngakhale amene ndamudziwa zaka khumi, ndipo ena amakwiya nazo. Famase yabwino nayo imalakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti cholakwacho chimalembedwa, chimafufuzidwa, ndipo pali munthu wa dzina ndi nambala woti ayankhe. N'chifukwa chakenso ndimadandaula ndi chizolowezi chobwerekana khadi la kuchipatala kapena kulembetsa dzina la m'bale wokhala ndi mapepala. Ndikumvetsa chomwe chimachititsa. Koma mbiri ya pa kompyuta ikakhala ya munthu wina, chenjezo lonse lomwe likanakutetezani likuteteza munthu amene sali pamenepo.

Madokotala ambiri a kashi ku Rosettenville, Hillbrow, Yeoville ndi Mayfair amapereka okha mankhwala m'timatumba. N'zololedwa ngati ali ndi laisensi yoperekera mankhwala, koma kathumbako kayenera kulembedwa mofanana ndi kathu. "Awiri katatu" popanda dzina la mankhwala si zokwanira. Funsani dzina, alembe. Safunsa anadya phula.

Tifike ku insulin. Yosatsegula imafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. M'famase timakhala ndi firiji ya mankhwala okhaokha, yosaikamo chakudya cha masana kapena mkaka wa tiyi, yokhala ndi choyezera chosonyeza kutentha ndi kuzizira komwe yafikapo, ndipo timalemba kawiri pa tsiku. Chaka cha 2023, pomwe magetsi a Eskom ankazima pafupifupi tsiku lililonse, chinatiphunzitsa zambiri. Mafamase osamala anagula mabatire, majenereta ndi mabokosi ozizira, ndipo firiji ikapyola malire, katunduyo amaikidwa pambali mpaka opanga atanena ngati ali bwino. Palibe cholakwa kufunsa kuti, "Magetsi akazima firiji yanu imatani?" Amene amachita bwino ntchito yake amayankha mosavuta, ena mpaka amakuonetsani pepala lolembapo lija. Ndipo insulin izituluka m'firiji inu mukuona, osati pansi pa kauntala.

Kunyumba musade nkhawa kwambiri. Firiji yotsekedwa imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi, bola ana asamatsegule-tsegule. Cholembera cha insulin (chodzibayira chija chooneka ngati cholembera) kapena botolo lomwe bambo ayamba kale kugwiritsa ntchito silifuna n'komwe firiji. Mitundu yambiri imakhala bwino milungu inayi m'chipinda chosatentha, koma onani pepala la m'bokosi chifukwa ina imapitirira pamenepo. Lembani tsiku lotsegulira pa cholemberacho. Mdani wamkulu wa insulin, amene anthu samuganizira, ndi kuuma ngati ayezi. Ikaundana yafa, ngakhale itasungunuka n'kuoneka bwinobwino. Choncho musaiike m'firiza, musaigundike ku khoma la kumbuyo kwa firiji, ndipo mukainyamula m'bokosi lozizira musaikhudzitse ayezi, ikulungeni m'kansalu. Magetsi akapita masiku, monga zimachitikira mawaya akabedwa kapena thiransifoma ikapsa, nzeru ya agogo athu imagwira ntchito: mtsuko wadothi wonyowa, pamthunzi podutsa mphepo, insulin ili m'kabotolo kotsekedwa bwino kuti isanyowe. Si firiji, koma umaposa kutali chipinda cha malata masana. Insulin yomwe imakhala yoyera ngati madzi ikachita mbuu, kapena yamkaka ija ikakhala ndi timibulu tosasungunuka mukaigubuduza m'manja, itayeni. Shuga akayamba kukwera popanda chifukwa, kadyedwe kali komweko, ikayikireni insulin, tsegulani ina. Ngati bambo akusanza, akumva ludzu losatha, akupuma mozama kapena akusokonezeka mutu, musadikire kuche, pitani kuchipatala. Pa foni ya m'manja 112 imagwira, ndipo ambulansi ndi 10177.

Pali kena kamene simunafunse koma ndikatchule, poti tonse timachita. Timatumiza mankhwala kumudzi pa basi kapena kwa otenga katundu, ndipo ena amatitumizira LA, mankhwala a malungo, kuchokera kwathu. Phukusi limachoka pa Park Station, limagona pa Beitbridge, limadutsa Tete komwe dzuwa limawotcha ngati ng'anjo, masiku awiri kapena atatu lili pansi pa basi pafupi ndi injini. Mapilisi ena amapirira, koma insulin, mankhwala a m'maso ndi amadzi a ana safika amoyo. Za LA, vuto ndi kumwa osayezetsa. Mu Joni mulibe udzudzu wofalitsa malungo monga kwathu, choncho anamwino ena saganizira msanga za malungo. Munthu akatentha thupi patangotha milungu yochepa chibwerere kumudzi, anene yekha kuti, "Ndinali ku Malawi, ndiyezeni malungo," tsiku lomwelo. Amene takhalitsa kuno chitetezo chathu cha malungo chinatsika, ndipo ana obadwira kuno alibiretu. Malungo a chaka cha mawa sangakhale ngati aja munkachiza ndi Fansidar muli ku sekondale.

Mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misewu nawo ndi nkhani yomweyi. Ambiri muli mankhwala amphamvu monga clobetasol kapena betamethasone, omwe kwa ife amafuna kalata ya dokotala, ndipo amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera. Imeneyo tidzakamba tsiku lina.

Mukaona cholakwika pa famase, yambani ndi famasisiti wamkulu uja dzina lake lili pa khoma. Zambiri zimathera pomwepo. Zikakanika, dandaulo limapita ku South African Pharmacy Council, ndipo safuna kuti mukhale nzika. Mankhwala akakuchitani zachilendo, kapena mukawakayikira kuti ndi achinyengo, uzani famasisiti kapena nenani nokha kwa SAHPRA kudzera pa Med Safety App. Sungani bokosi ndi lisiti, chifukwa popanda nambala ya batch palibe poyambira. Mwana akameza mankhwala a akulu mwangozi, musam'sanzitse, musam'mwetse mkaka kapena mafuta, imbani 0861 555 777, nambala ya a zapoizoni yomwe imayankhidwa usana ndi usiku, bokosi lili m'manja.

Tibwerere kwa mwana, chifukwa ndiye wofunika lero. Musam'patsenso makapisoziwo. Ngati munayamba kale, pitani nawo ku kiliniki pamodzi ndi mwanayo, mukanene kuti wamwa angati ndipo kuyambira liti. Sakakudzudzulani kuposa mmene mwadzidzudzulira nokha. Ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa amalandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, ndipo mu April 2023 khoti lalikulu la ku Gauteng linatsimikiza kuti izi n'za onse, posayang'ana dziko lomwe munthu wachokera kapena mapepala ake. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amatinso munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Mankhwala anu a chifuwa aja, ngati munagula, musam'gawireko, codeine si wa mwana wosakwana zaka 12, ndipo aspirin, Grand-Pa ndi Med-Lemon nazonso si za ana. Madzi ambiri, supuni ya uchi m'madzi ofunda, ndi paracetamol wa ana pa mlingo wa msinkhu wake ngati thupi latentha, zimakwanira pa chifuwa wamba.

Akagona, vundukulani malaya muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Pa msinkhu wakewo, kupuma 40 kapena kupyola apo ndi chizindikiro cha chibayo. Ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ngati akulira m'chifuwa, akukana kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuvuta kudzutsa, musadikire mzere wa m'mawa, thamangani naye usiku womwewo. South Rand Hospital ili kufupi ndi kwanuko, ndipo Rahima Moosa ku Coronationville ndi cha amayi ndi ana. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kapena akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, pemphani kuti amuyeze TB, makamaka ngati m'nyumba kapena pa yadi pali wina wotsokomola.

Mukapeza tsiku la ofu, sonkhanitsani mankhwala onse a m'nyumba mu jumbo imodzi: a bambo akale ndi atsopano, a m'kabati, ochokera kumudzi, azitsamba, ndi makapisozi aja. Pitani nawo ku famase ija inakukanizani, cha m'mamawa pakati pa mwezi mzere usanakule, mukapemphe famasisiti kuti awaone limodzi ndi inu. Otha ntchito mukawasiye komweko, tili ndi njira yowatayira, musawaponye m'chimbudzi kapena m'bini momwe ana amatola. Mukam'funsenso za kalata ya bambo: ya mankhwala a BP ndi shuga imabwerezedwa mpaka miyezi isanu ndi umodzi basi, kenako ayenera kukaonananso ndi dokotala, ndipo ngati anayezetsa impso ndi maso kalekale, ulendo umenewo akapemphe zonse ziwiri.